Sikelo ya ku Chitakale

Kompyuta inandiuza usiku, osaphethira:
pakufunika okalamba zana limodzi
ndi makumi awiri mphambu asanu ndi atatu
kuti funso lako liyankhike.
Funsolo linali laling'ono ngati njere ya mpiru:
kodi amene akusewerabe bawo
amasunga mawu m'mutu kuposa anzawo?

Ku Chitakale anabwera makumi atatu ndi mmodzi.
Ndinawawerenga kawiri pa mabenchi a sukulu,
ngati kuti kuwerenga kumabereketsa.

Ndinkawapatsa mawu khumi, aliyense payekha:
khasu, mlatho, nanazi, singano, mphaka,
ndi ena asanu amene inenso lero ndawaiwala.
Pakatha mphindi zisanu andibwezere.
Mayi Nampinga anabweza asanu ndi awiri,
n'kuwonjezapo awoawo: ngongole.
Amenewo panalibe, mayi.
Analipo, mwanawe. Sachoka.

Mwezi wachiwiri kunagwa chiperoni.
Phiri linasowa masiku anayi,
a kabaza anakweza mtengo.
Awiri anakanika kuwoloka Likhubula.
Mmodzi anatengedwa ndi mwana wake ku Ndirande.
Wina anati mafunso anga sakhutitsa.
Ndipo a Mulipa, nambala sikisitini,
amene ankaseka asanayankhe,
tinakawaperekeza Lachinayi, matope m'maondo.
Mzere wawo m'kaundula mwanga
unathera pakati.

Otsala: makumi awiri mphambu asanu ndi mmodzi.

Nditaphatikiza zonse, a bawo anatsogola
ndi liwu limodzi lokha.
Koma mpanda wa chikayiko unatambasuka,
mbali ino mpaka mbali iyo,
ziro atakhala m'katimo, miyendo atapinda.
Mnzanga wa ku Zomba anati pa foni:
ingolemba kuti palibe kusiyana,
umalize, uvale mkanjo.

Amene anandiletsa ndi a Makwinja,
kalaliki wa pa esiteti zaka makumi atatu,
amene ankayeza masamba a tiyi m'mawa ndi masana.
Ndinawafotokozera mwamanyazi, pa khonde la golosale.
Anatafuna chinangwa chawo, n'kunena:

Sikelo yathu inali ya mbedza, yachitsulo.
Ukakolekapo tsamba limodzi, muvi sugwedezeka.
Dzanja limodzi la masamba, ziii.
Ndiye ndilembe kuti tsamba lilibe kulemera?
Akanandimenya amayi aja.
Misana yawo inkadziwa.
Dzadza dengu, uwone muvi ukuyenda.
Iwe wabwera ndi masamba a m'chikhatho,
ukudzudzula tiyi.

Ndinawerengera pa chikuto cha kope:
ndi anthu ochepa chotere,
kusiyanako kukhalepo ndithu,
ndikanakupeza kamodzi pa maulendo anayi.
Katatu konse ndikanabwerera chimanjamanja,
n'kukalalikira kuti m'munda mulibe kanthu.

Choncho ndinalemba zimene zinali zoona:
sitinaone, chifukwa sikelo inachepa mphamvu.
Sindinalembe kuti kulibe.

Tsopano ndikulemba makalata opempha ndalama
za mafuta, za mabanzi, za mapepala,
kuti ndikafike ku Muloza, ku Chonde, ku Nkando,
kumene kuli mitu ina ya imvi
imene sinafunsidwepo mawu khumi.
Yankho akuti libwera chaka chamawa.

Dzulo ndinakumana nawo pamsika a Makwinja.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
dzina langa likuwazemba.
Kenaka anakweza chala:
khasu, mlatho, nanazi.
Anaima. Anaseka.
Enawo adya mbuzi.
Koma fulumira nalo dengu lakolo, mwanawe.
Ife masamba ake
sitichedwa pamtengo.